Za Dotolo wa pa Lamya: Kodi Kukondwa kwa Wodwala Ndiko Umboni Wokwanira?

Abale, masiku ano kwabuka cinthu cimene makolo athu sakadacikhulupirira ngakhale tikadawalumbirira: munthu adwala ali m'nyumba mwace, dotolo ali kutari ku mudzi umene wodwalayo sanaupondepo, ndipo awiriwo akambirana za nthendayo pa lamya ya m'manja, imene ana athu aichula foni. Kwina aonana ndi nkhope zomwe pa kagalasi ka foniyo. Kuno kwathu nchito yotere inayamba ku Balaka m'caka ca 2011, pamene bungwe lochedwa VillageReach pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo anatsegula Chipatala cha pa Foni. Poyamba inali ya amai apakati ndi ana ang'ono; pambuyo pace inalandira mafunso a nthenda zina zonse, nifalikira m'maboma onse, ndipo munthu anaimba nambala ya 54747 pa Airtel osalipira kanthu. Ku maiko ena nchitoyi inakula mwadzidzidzi m'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatsekera anthu m'nyumba zao. Ku America, mwa okalamba ndi olumala amene boma liwalipirira cipatala m'nchito yochedwa Medicare, kuonana ndi dotolo pa lamya kunacitika ngati ka 840,000 m'caka ca 2019; koma caka cotsatira kunapitirira ka 52 miliyoni.

Tsono anthu ophunzira atenga mapepala, nafunsa odwala kuti, Kodi mwakondwa nalo thandizo la pa lamya? Afunsanso madotolo ndi anamwino comweco. Ndipo pafupifupi kuli konse kumene afunsa, odwala ambiri ayankha kuti inde. Madotolo nao ambiri abvomera, koma ndi mtima wokayika pang'ono. Akuru a maiko pakumva inde ameneyu ati, Taonani, cinthuci ncabwino, tiyeni ticicurukitse. Funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi ndi ili: kodi kukondwa kwa wodwala ndiko umboni wokwanira wakuti wathandizidwa? Musaliyese funso la anthu a m'maofesi okha. Likhudza mwana wanu amene adzatentha thupi usiku wina mvula irikugwa, ndi yankho limene mudzalandira mutaimba lamya.

Tiyambe ndi kumcitira cilungamo inde ameneyu, pakuti si wonama. Iye amene sanasenzepo wodwala sadziwa kulemera kwa njira. Ganizani za mai wa ku mudzi umene uli makilomita 15 kucokera ku cipatala. Kuti akafunse funso limodzi lokha, adzuka tambala woyamba, asiya munda wosapalira, abereka mwana, naoloka mtsinje. Kapena agulitsa nkhuku kuti alipire njinga ya kabaza. Atafika akhala pa mzere kufikira dzuwa litapendeka, ndipo m'cipinda ca dotolo akhalamo kanthawi kosakwanira ngakhale kuwiritsa madzi a phala, popeza kunja kuli khamu lina lirikudikira. Nthawi zina alandira mau okalipa kwa munthu wotopa. Tsono mai yemweyo aimba lamya ali pa khonde pace, namva mau aulemu omfunsa dzina la mwana ndi miyezi yace, osamfulumiza. Akati wakondwa, anena zoona: tsiku lace lapulumuka, nkhuku yace iri m'khola, ndipo wina wamchera khutu kufikira atatha mau ace onse. Palinso mnyamata kapena namwali wa nthenda ya manyazi, amene sakadalimba mtima kukhala pa mzere umodzi ndi azakhali ace. Pa lamya palibe womdziwa, ndipo aulula zimene akadafa nazo ali cete.

Ndiponso mantha pa okha ali nthenda, ndipo mau akhoza kuiciritsa. M'caka ca 1879, zitangopita zaka 3 cipangidwire lamya yolankhulira, nyuzipepala ya madotolo ya ku London yochedwa The Lancet inasimba za banja lina limene linaitana dotolo pa lamya pakati pa usiku, poopa kuti khanda lao lagwidwa ndi nthenda yoopsa yotseka kukhosi. Dotoloyo anawauza kuti amuyandikize mwanayo ku lamya kuti amve kutsokomola kwace. Ndipo atamva, anawatsimikizira kuti siinali nthenda imene anaiopayo, nabwerera onse kukagona. Banja limenelo linakondwa, ndipo linayenera kukondwa.

Koma tiyeni tipite ku bwalo la mirandu. Mfumu yanzeru ikaitana mboni, siifunsa kokha ngati mboniyo iri yoona mtima. Iifunsanso kuti, Kodi iwe unaima pati, ndipo unaona ciani ndi maso ako? Munthu woona mtima amene anali kuseri kwa nyumba akhoza kucitira umboni za phokoso limene analimva, koma sakhoza kuchula amene anayamba kuponya cibakera. Wodwala ali mboni yotere. Za kulandiridwa kwace, za ulemu, za nthawi ndi ndalama zimene zinapulumuka, iye ndiye mboni yoposa onse, ndipo palibe dotolo angamtsutse. Koma za cimene cirikucitika m'mapapo mwace kapena m'magazi mwace, iye anali kuseri kwa nyumba. Akadacidziwa sakadaimba lamya konse. Cotero akati, Ndakondwa, watiuza kuti analandiridwa bwino. Ngati nthenda yace inazindikirika, sanatiuze, pakuti sadziwa. Ndipo mafunso aja kawiri kawiri afunsidwa tsiku lomwelo, nthenda isanaonetse kumene irikupita.

Onaninso amene afunsidwawo. M'caka ca 2000 akazi awiri ophunzira, Frances Mair ndi Pamela Whitten, anasonkhanitsa zofufuza 32 za kukondwa kwa odwala oonana ndi dotolo ali kutari, nalemba zimene anapeza mu British Medical Journal. Anaona kuti zonsezo zinati odwala akondwa. Koma anaonanso kuti zambiri zinafunsa anthu owerengeka okha, ndi mafunso osakonzeka bwino, kotero kuti munthu sakadakhoza kumangapo ciweruzo colimba. Pepala lifika kwa iye yekha amene lamya yace inalowa. Nkhalamba yosamva bwino, mai amene foni ya pa banja iri m'thumba la mwamuna wace ku msika, mudzi wa kuseri kwa phiri kumene mau a lamya safika, ndi iye amene moto wa foni yace unatha pakati pa nkhani, onsewa sali m'ciwerengero. Ndipo alipo wina amene safunsidwa konse, ndiye amene anauzidwa kuti, Musade nkhawa, nagona, osadzukanso.

Kwathu kuno pali cinanso. Tinaleredwa kuti mlendo akakupatsa kanthu kwaulere, kangacepe bwanji, uombe m'manja ndi kuthokoza. Nanga munthu waulemu wa ku mudzi, pofunsidwa ndi mau a mkuru wosamdziwa ngati wakondwa ndi thandizo limene sanalilipire, adzayankha ciani? Ine sindinyoza mwambo umenewu. Ndiwo ukometsa midzi yathu. Koma iye wowerenga mayankho adziwe kuti mwa zikomo wathu muli ulemu wambiri ndi ciweruzo pang'ono. Afunsenso kuti wodwalayo alikulinganiza lamya ndi ciani. Wanjala ayamika phala la madeya, ndipo kuyamika kwace nkoona. Koma sikutsimikiza kuti madeya akwanira kulerera mwana.

Kufikira pano tanena kuti umboniwu uli woperewera. Tsopano ndinene cinthu colemera koposa: kukondwa kwa wodwala kukasanduka muyeso woyesera dotolo, kukhoza kumpotoza dotoloyo. Ku America kuli makampani amene munthu awalipira kuti alankhule ndi dotolo ali yense wopezeka pa lamya nthawi yomweyo; awiriwo sadziwana, ndipo kapena sadzalankhulananso. Atatha kukambirana, wodwala apatsa dotolo nyenyezi, kuyambira 1 kufikira 5, monga mphunzitsi apatsa ana malikisi. M'caka ca 2018 ofufuza a ku Cleveland anasindikiza zimene anapeza atasanthula makambirano otere 8,437 a anthu odwala cimfine, cifuwa, zironda za pakhosi ndi zina zonga izi. Dziwani kuti zambiri za nthenda zimenezi zidza ndi tizirombo tochedwa mavairasi, timene mankhwala a maantibayotiki, onga penisilini, satipha. Nthendazo zitha zokha. Koma mwa odwala 100 ali onse, 66 analemberedwa maantibayotiki. Tsono tamvani za nyenyezi. Mwa iwo amene analandira maantibayotiki, 91 pa 100 anapatsa dotolo nyenyezi zonse 5. Mwa olandira mankhwala a mtundu wina, 86. Koma mwa iwo amene dotolo sanawalembere mankhwala ali onse, sanafike 73. Caka cotsatira, 2019, ofufuza a ku Pittsburgh anaona za ana a nthenda zomwezo, napeza kuti pa lamya ana 52 pa 100 analemberedwa maantibayotiki, pamene kwa dotolo wao wa masiku onse, wowaona ndi maso ndi kuwasuzumira m'makutu, anali 31.

Dziikeni m'malo mwa dotolo ameneyo. Sakhoza kusuzumira m'khutu kapena kumvera cifuwa, ndipo mtima wace uti, Kapena iripo nthenda imene sindiiona. Wodwala alikudikira mankhwala, popeza walipira. Kumfotokozera kuti mankhwala safunika kudya nthawi, ndipo mphotho yace ndiyo nyenyezi zocepa. Kulemba mankhwala kutenga kamphindi, ndipo onse alekana alikumwetulira. Sindinena kuti madotolo amenewo anali anthu oipa. Ndinena kuti anawaimika pa thanthwe loterera, ndipo woyenera kufunsidwa poyamba ndiye amene anawaimikapo. Colipira cidza pambuyo, ndipo cigwera ena: maantibayotiki akamwedwa posafunika, tizirombo tiwazolowera, kufikira tsiku limene mwana wa cibayo ceniceni apatsidwa mankhwala omwewo, koma osagwira nchito. Mwana ameneyo palibe anamfunsa ngati akondwa.

Tisaloze cala anthu a ku America okha. Ndani wa ife sanamvepo munthu wobwera ku cipatala ali wokwiya, nati, Dotolo wa lero ngwacabe. Sanandibaye jakisoni, wangondiuza kuti ndizimwa madzi ambiri ndi kupumula? Tiyesa mphamvu ya dotolo ndi kucuruka kwa mapiritsi amene tabwera nao m'thumba. Makolo anati, Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma ife tikadwala tifuna mnansi wotisisita. Tikadapatsidwa nyenyezi zoti tigawire madotolo athu, ndiopa kuti tikadazigawa monga anazigawira a ku America.

Pali cofufuza cina cimene sicinali ca lamya, koma ca zipatala zonse. M'caka ca 2012 ofufuza a ku California anasindikiza za anthu akuru pafupifupi 52,000 amene anawatsata, napeza kuti gulu limene linakondwa koposa ndi madotolo ao linagonekedwa m'cipatala kawiri kawiri kuposa anzao, linadya ndalama zambiri za mankhwala, ndipo imfa mwa iwo zinaposa ndi magawo 26 pa 100 za gulu limene linakondwa pang'ono pokha, ngakhale atalinganiza misinkhu ndi nthenda zao. Tisathamangire kunena kuti kukondwa kupha munthu. Ofufuzawo sanatero, ndipo nkutheka kuti wodwalitsa akonda dotolo wace cifukwa amdalira. Koma cioneka poyera kuti kukondwa ndi kucira siziyendera limodzi masiku onse.

Nanga madotolo, kukayika kwao kucokera kuti? Ena ati ndi ulesi wa kuphunzira zatsopano, ndipo kapena mwa ena muli comweco. Koma luso la dotolo lakhala m'manja ndi m'makutu zaka mazana. M'caka ca 1761 Leopold Auenbrugger wa ku Vienna anaphunzitsa kugogoda cifuwa ndi zala ndi kumvera kulira kwace, monga munthu agogoda mbiya kuti adziwe polekezera madzi. M'caka ca 1816 René Laennec wa ku Paris anapinda pepala ngati bango, naliika pa cifuwa ca wodwala, namva kugunda kwa mtima. Ndipo pamenepo panacokera cipangizo cija dotolo acikoloweka m'khosi. Dotolo wozolowera ayamba kuyesa wodwala asanakhale pansi: aona mayendedwe ace, kupuma kwace, kuyera kwa zikhato ndi kwa m'zikope kosonyeza kucepa kwa magazi, amva ndi pfungo lomwe. Pa lamya zonsezi zimcokera, natsala ndi mau okha, ndipo mau a wodwala ali ndi cizolowezi ca kucepetsa. Munthu wa kwathu ali pafupi kufa, ukamfunsa m'mene wagonera, ayankha kuti, Ndadzuka pang'ono.

Kutentha thupi kwa malungo ndi kwa nthenda zina kumveka cimodzimodzi pa lamya. Kuyambira m'caka ca 2010 bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, WHO, lilangiza kuti magazi ayesedwe munthu asanapatsidwe mankhwala a malungo. Ndipo dontho la magazi silidutsa pa lamya. Mai wapakati akhoza kukhala ndi kuthamanga kwa magazi koopsa osamva kuwawa kuli konse, kufikira tsiku limene agwa nakomoka. Cidziwika ndi lamba uja womanga pa mkono. Ku Britain, kumene madotolo a mabanja anatembenukira ku lamya m'mwezi wa March 2020, ofufuza a ku Oxford anasindikiza m'caka ca 2023 za nkhani 95 zimene zinthu zinalakwika pothandiza wodwala ali kutari. Anati zotere zicitika kamodzi kamodzi. Koma mwa izo munali imfa, ndipo m'zambiri wodwalayo anayenera kuonedwa ndi maso.

Kukayika kotere ine ndikulemekeza. Ndiko cikumbumtima ca mmisiri wodziwa kuti wamangidwa dzanja limodzi. Dotolo amene ndimuopa ndiye wokondwa kotheratu. Inde, lamya imteteza ku nthenda zopatsirana, ndipo m'masiku a mliri ici cinali cabwino kwa iye ndi kwa odwala omwe. Koma imteteza ku zinanso zimene sanayenera kutetezedwa nazo: saona misozi, samva pfungo la cironda, sakomana pa khomo ndi abale a wodwala, ndipo akatseka lamya, munthuyo acoka m'makutu mwace, ndipo nkwapafupi kuti acoke mumtima momwe. Motero kukondwa kwa dotolo nakonso kuyenera kufunsidwa kuti kunaima pati.

Tsono tiyese ndi ciani? Pali nkhani yakale ya ku Australia imene indithandiza kulingalira. Dziko limenelo liri ndi madera akuru a chire ndi cipululu, kumene nyumba ndi nyumba zitalikirana ulendo wa masiku. M'caka ca 1917 mnyamata woweta ng'ombe, dzina lace Jimmy Darcy, anagwa pa kavalo nabvulala m'kati mwa mimba, cakumpoto kwa dzikolo, mbali ya kumadzulo. Anzace anamtengera pa ngolo ku kamudzi ka Halls Creek, kumene kunalibe dotolo kapena cipatala, koma positi ofesi ndi mkuru wace, Fred Tuckett, amene anaphunzirapo pang'ono za kuthandiza obvulala. Tuckett anagogoda lamya ya waya, ija yotumiza zilembo, kwa dotolo John Holland ku Perth, makilomita oposa 2,000 kum'mwera. Holland atamva zizindikiro anazindikira kuti cikhodzodzo caphulika, ndi kuti mnyamatayo adzafa akapanda kung'ambidwa msanga. Tuckett anaopa, pakuti sanali dotolo; koma panalibe wina. Anatenga kampeni ka m'thumba ndi lumo, nayamba nchitoyo monga mau a pa waya anamuuza. Ndipo inatheka, Darcy anayamba kupeza bwino.

Tikadafika tsiku limenelo ndi pepala lathu la mafunso, wodwala, dotolo ndi mkuru wa positi, onse atatu akadati akondwa, ndipo akadanena zoona. Koma atapita masiku mnyamatayo anayambanso kufooka, ndipo waya sanathe kumthandizanso. Holland ananyamuka mwini wace: pa sitima ya pamadzi yonyamula ng'ombe kufikira ku Derby, pamenepo pa galimoto m'njira zosalambula kufikira galimotoyo inafa, ndipo potsiriza ndi akavalo. Ulendowo unamdyera pafupifupi milungu 2. Anafika napeza kuti Darcy anamwalira dzulo lace. Poyesa mtembo anaona kuti kung'amba kwa Tuckett sikunamuphe. Malungo ndi cotupa ca m'matumbo ndizo zinamtsiriza.

Wina pakumva nkhaniyi akhoza kunena kuti lamya njacabe. Wina, kuti lamya inacita zodabwitsa, ndipo imfayo inali tsoka cabe. Mbusa wina wa kumeneko, John Flynn, sanatsate onse awiriwo. Anaona kuti mau a dotolo anafika tsiku lomwelo, koma manja a dotolo anacedwa milungu 2. Ndipo anaika mtima pa kufupikitsa mpata umenewo. M'caka ca 1928 anayambitsa ku Cloncurry nchito ya madotolo oyenda pa ndege. Caka cotsatira mnzace Alfred Traeger anaturutsa wailesi imene munthu aipatsa mphamvu popalasa ndi mapazi ngati njinga, kuti okhala kutari aziitana dotolo. Ndipo m'caka ca 1942 anayamba kuika m'nyumba za kutarizo mabokosi a mankhwala olembedwa manambala, kuti dotolo pa wailesi achule nambala ndi muyeso wace. Taonani kuti mau sanasiyidwe okha: anapatsidwa manja a munthu wa pafupi, mankhwala a pafupi, ndi njira yofikira wodwala mau akalephera. Bungwe la WHO linanena zofanana m'caka ca 2019, pobvomereza kuti odwala alankhule ndi madotolo pa lamya, koma monga coonjezera pa kuonana maso ndi maso, cosalowa m'malo mwace.

Apa mpamene ciwerengero ca okondwa cindiopsa koposa. Lamya njotsika mtengo. Cipatala, namwino, ambulansi ndi mlatho nzokwera mtengo. Wolamulira ali yense, m'dziko liri lonse, akauzidwa kuti anthu ambiri akondwa ndi lamya, ayesedwa kuti anene mumtima mwace, Kwatha, a kumidzi athandizidwa. Pamenepo olemera adzapitirira kuonedwa ndi maso ndi kukhudzidwa ndi manja, ndipo osauka adzalandira mau okha, nadzathokoza, ndi kuthokoza kwaoko kudzalembedwa m'buku ngati umboni wowatsutsa. Iwo amene anayambitsa Chipatala cha pa Foni anacita mwanzeru poika kuti nchito yace ikhale kulangiza ndi kutumiza wodwala ku cipatala ca pafupi. Koma mau akuti, Pitani ku cipatala, ali ndi mphamvu pokha pokha cipatalaco cikakhalapo, cotseguka, muli munthu ndi mankhwala.

Tibwerere tsono ku usiku uja ndinaunena poyamba. Tiyerekeze mwana wa miyezi 8 watentha thupi, alikutsokomola, ndipo mvula irikugwa. Mai aimba lamya, ndipo mumtima mwace afuna kumva mau amodzi okha, akuti, Dikirani kuce. Namwino wabwino sathamangira kumpatsa mauwo. Amuuza kuti ambvule mwana malaya, ayang'ane nthawi, nawerenge kupuma kwace mphindi yathunthu mwanayo ali cete. Mwana wa miyezi 2 kufikira 11 akapuma ka 50 kapena kuposapo, ndi wa caka 1 kufikira asanakwane zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposapo, alikupuma mofulumira, ndipo cikhoza kukhala cibayo. Amfunsanso ngati m'munsi mwa cifuwa mulowa m'kati pokoka mpweya, ngati mwana akana bere, asanza zonse, wakomoka, kapena sadzuka pomgwedeza. Pa nthawi imeneyo maiyo ndiye Tuckett; maso ace ndiwo maso a namwino, ndipo akacepetsa kanthu cifukwa ca kuopa ulendo, kapena akakuza kanthu kuti alandire mankhwala, namwino asocera naye pamodzi.

Tinene kuti mwanayo wakana bere, ndipo cifuwa cirikulowa. Namwino ati, Mai, musadikire kuca. Nyamukani tsopano lino. Mai ameneyo sakondwa. Ayenera kudzutsa bambo wa mwana, kugogoda kwa mnansi wa njinga kapena wa ngolo, kulowa m'matope ndi mumdima. Ndipo kapena ang'ung'udza panjira kuti, Ndinaimbiranji, popeza sanandiuze ngakhale dzina la mankhwala? Wina akamfunsa nthawi yomweyo, pepala lidzalemba kuti namwinoyo sanakondweretse. Pamene namwino wina amene akadati, Mpatseni panado, mugone, akadalandira nyenyezi zonse. Mau a akuru akoma akagonera, ndipo a namwino wotere ateronso. Koma pepala la nyenyezi sililola kuti agonere.

Cifukwa cace ndipempha iwo ofunsa kuti asaleke kufunsa za kukondwa, pakuti munthu wonyozedwa saimbanso lamya, ndipo wosaimba salandira ngakhale cenjezo. Koma abwerere kwa mai yemweyo utapita mlungu, ali ndi mafunso ena: Kodi munapita? Munayenda pa ciani, ndipo munafika nthawi yanji? Munapeza ndani, ndipo mankhwala analipo? Nanga mwana ali kuti lero? Afunsenso mfumu ya mudzi kuti nyumba zopanda foni nzingati, ndi mlangizi wa zaumoyo kuti mwezi uno m'dera mwace mwacitika maliro a ana angati, ndi kuti mwa iwo ndi angati amene amao anaimba lamya. Mafunso amenewa adya nthawi ndi ndalama kuposa lija la nyenyezi, ndipo mayankho ace sakoma onse powawerenga pamaso pa akuru.